Khanda Langa M'manja mwa Mlendo

Apongozi anga mpaka lero sadziwa kuti mwana wanga anagwiridwapo ndi mlendo asanatengedwe. Bambo ake a mwanayo nawonso sadziwa. Ndinamupereka ndine, ndi manja anga awiriwa, masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawiyo n'kuti matipate atangoyamba kumene. Ndinali nditapeza ntchito yotayipa pa koleji ya zaulimi ya kufupi ndi Mitundu, setifiketi yanga ya usekilitale isanachite n'komwe fumbi. Amuna anga anali mlangizi wa zaulimi kwawo ku Nathenje, ndipo ankabwera kumapeto a sabata panjinga yamoto. Ine ndinali ndi pakati poyamba, ndipo ndinkaopa chilichonse. Mwana akagunda kwambiri ndinkaopa, akakhala phee ndinkaopanso.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munalowa mayi wina wochokera kudziko la kumadzulo kwa Africa. Anabwera kudzafufuza za nyemba kwa chaka chimodzi. Tonse tinkangowatchula kuti Adokotala, ngakhale kuti udokotala wawo unali wa mbewu. Anali akuda ngati ife tomwe, ndiye anthu akawapatsa moni iwo n'kuyankha Chizungu, ankati ndi matama. Abwana anga anandiuza kuti ndiziwaperekeza kumsika mpaka atazolowera.

Ulendo woyamba Adokotala anavala thalauza. Lamulo linali litaloleza kale, koma maso a anthu a pa Mitundu anali asanaloleze. Anyamata ogulitsa kaunjika anayamba kuimba malikhweru.

"Abale, demokalase ija ndi iyi! Yabwera yokha kudzagula tomato!"

Adokotala anandifunsa zimene ankanena. Nditawamasulira anaseka mpaka kugwira tebulo la mwini tomato, kenako anati tikagule chitenje. Pobwerera anadutsa pa masamba a maliro osachepetsa liwiro la galimoto. Ndinawauza kuti masamba akayalidwa pamsewu ndiye kuti pamudzipo pagwa zovuta, wapanjinga amatsika, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Anaima, anabwerera chambuyo, tinatsika kukapepesa. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti aphunzitsi.

Minda yoyeserera nyemba anawapezera ndi amuna anga, kumudzi kwawo komweko. Apongozi anga ndiwo anayamba kupereka chigawo cha dimba lawo, amayi ena n'kutsatira. Pofika nthawi yopalira, Adokotala anali atasanduka Mayi a Nyemba. Ankakhala pamphasa miyendo ili tambalale, akusenda mtedza, akulakwitsa moni, amayi akufa ndi phwete.

Tsiku limene matenda anandiyamba, amuna anga anali ku Nathenje. Adokotala anasiya ophunzira m'kalasi, ananditengera kuchipatala cha pa Mitundu, n'kukhala pakhonde ndi fulasiki ya tiyi mpaka atamva kulira kwa khanda. Zimenezi sindidzaiwala.

Mayi anga anamwalira ndili kusekondale, choncho odzandisamalira m'chikuta anali apongozi. Kwathu kuno khanda timati ndi lozizira mpaka makolo ake atalitenga monga mwa mwambo. Lisanatengedwe, munthu amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake ngotentha, ndipo akaligwira amalitsempha: limatsokomola, limatupa, mwina n'kupita kumene. Bambo a mwana akayenda njira zakunja, zotsatira zake n'zomwezo. Ine wa setifiketi ndinkati sindizikhulupirira. Koma mwana atabadwa ndinapeza kuti palibe chimene sindingachikhulupirire.

Ndiye mwezi womwewo amuna awo a Adokotala anabwera kudzacheza patchuthi.

"Inu mayi a mwana," anatero apongozi akusuzumira pawindo, "mwaona kwa anzanuku? Dzuwa lafika apa makatani sanatsegule. Dimba la nyemba ndinawapatsa, koma mdzukulu wanga asayerekeze kumugwira."

"Nanga amayi, ndikawauza bwanji zoterozo?"

"Si munapita kusukulu inu? Kawauzeni m'Chizungu momwemo. Chizungu chilibe manyazi."

Sindinawauze. Munthu wamkulu, wophunzira, ndikamufunse za kuchipinda kwake? Akabwera ndinkangoti mwana wagona, kapena akuyamwa, kapena wangosamba kumene angazizidwe. Sanachedwe kuzindikira. Anasiya kutambasula manja. Ankaima patali pang'ono, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu pamaso pa ahedi, n'kumangomuyang'ana.

"Aphunzitsi, pali chimene ndalakwa? Ndiuzeni ngati za masamba zija."

"Palibe, Adokotala."

Tsiku lina apongozi anapita kumaliro kumudzi. Mwana anayamba kulira m'mawa. Ndinamuyamwitsa, anakana. Ndinamusintha thewera, ndinamubereka, ndinazungulira naye nyumba, ndinaimba nyimbo zonse za kwaya zimene ndimadziwa. Ankangodzipinda, nkhope ili psuu, mawu akusasa. Pofika masana m'mutu mwanga munayamba kubwera maganizo amene sindingawalembe pano. Ndinamugoneka pabedi, ndinapita kukhitchini, ndinakhala pansi n'kutseka makutu.

Odi wawo sindinamumve. Ndinangoona Adokotala ataima pakhomo la kuchipinda, manja ali kumbuyo. Ngakhale pamenepo sanamutole. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mundilola?"

Ndinadzuka, ndinanyamula mwana, ndinawapatsa.

Anamugoneka chafufumimba pamkono wawo, mutu uli chakuchigongono, n'kumamusisita kumsana akuyenda pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo ka m'chinenero chawo. Mwana anageya kamodzi ngati munthu wamkulu wakhuta thobwa, kenako anatulutsa mpweya, kenako zii. Nditayang'ana ndinaona kuti amene akulira tsopano ndi Adokotala.

"Wanga ndinamusiya kwa mayi anga atangosiya kuyamwa," anatero. "Bambo ake akuti masiku ano akaona chithunzi changa amati anti."

Miyezi yonseyo tinkayendera limodzi, koma sindinkadziwa kuti ali ndi mwana. Anandiuza kuti ndikagone. Ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chibadwire mwanayo, ndipo nditadzuka ndinapeza matewera ali pachingwe.

Pasanathe sabata ziwiri mwana anayamba kutsokomola. Thupi linatentha, nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Amene anatithamangitsira kuchipatala ndi Adokotala omwewo. Achipatala anati ndi chibayo ndipo anayamba kumubaya jakisoni. Apongozi anamuyang'ana n'kupukusa mutu. Anatiitanira panja ine ndi amuna anga, pansi pa mtengo pamene odikirira odwala amaphikira.

"Mayi a mwana, ndiuzeni zoona. Alipo anamugwira?"

"Ayi, amayi."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndiye ndiwe. Ku Nathenje kuja umati ukugona kuofesi, ofesi yake iti? Ya madiresi?"

"Amayi, ndilumbire pa chiyani kuti mukhulupirire?"

"Usalumbire, ungaphe mdzukulu wanga kawiri. Mbuzi iwe. Mkazi wako ali m'chikuta, iwe uli kalikiliki ndi njinga yaboma."

Anthu amene ankaphika pafupi anasiya kukoleza moto. Amuna anga anangozyolika. Apongozi anapita kumudzi kukatenga mankhwala a tsempho, ndipo anakakamiza amuna anga kusambitsa mwana ndi manja awo, zimene kwa aliyense woona zinali kuvomera mlandu. Anasambitsa. Atatha anandipeza ndikuchapa pampopi.

"Kodi nawenso ukuganiza choncho?"

"Ayi."

"Nanga bwanji sunandiyankhulireko?"

Ndinangopitiriza kufinya thewera.

Ndinkadziwa chimene chikanachitika ndikanaulula. Apongozi akanazula nyemba zija tsiku lomwelo, amayi ena n'kutsatira monga anatsatira popereka. Ntchito imene mayi uja anasiyira mwana wake ikanathera pamenepo, ndipo akanabwerera kwawo atasenza mbiri yoti anatsala pang'ono kupha khanda la mnzake. Koma ndisadziyeretse. Ndinkadziopera ndekhanso. Ndinkaopa kuti andifunsa chifukwa chimene mayi angaperekere mwana wake, ndiye ndinene za kukhitchini kuja.

Mwana anachira. Kaya ndi jakisoni, kaya ndi mankhwala a agogo ake, aliyense amanena zake. Panopa ndi chimnyamata chothamangitsa nkhuku za eni ake. Adokotala anakolola nyemba zawo, amayi a ku Nathenje anawavinira powatsanzika, ndipo apongozi anawamangira mtedza pachitenje chatsopano. Anapita osadziwa kalikonse. Ndikamapemphera ndimawatchula, chifukwa sindidziwa chimene ndikanachita masana aja akanapanda kulowa.

Koma amuna anga akachedwa pang'ono kufika kumudzi, apongozi amanenabe pagulu kuti, "Musiyeni, ameneyo tinamudziwa kale mayendedwe ake." Iwo amaseka nawo, koma kuseka kwake ine ndimakudziwa. Sanandifunsenso.

Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga amene munakhalapo nokha m'nyumba ndi khanda losatonthola, tandiuzani. Popereka mwana paja sindikufunsa, ndikanaperekanso. Koma pokhala chete pansi pa mtengo paja, mwamuna wosalakwa akunyozedwa, kodi ndinachita bwino?