Anayi Ali Moyo, Awiri Anatsogola

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma la m'nyumba ya siwa, miyendo itachita dzanzi chifukwa amayi tinali titapanikizana pamphasa. Nyimbo zinali zitatha mphamvu. Amayi awiri okha ndi amene ankakokabe nyimbo imodzi ndi mawu osasa, ena onse atagona chokhala. Pakati pa chipinda panali thupi la apongozi anga aamuna, litafundidwa nsalu yoyera, ndipo kumutu kwake kunakhala apongozi aakazi, manja ali pamiyendo.

Nditatuluka ndinapeza kukuwaza mvula. Inali nyengo yothyola fodya, ndipo abambo anali atathawira m'chigafa cha malemu. Moto anausonkha chapatali pang'ono poopa kuyatsa fodya amene anali lendelende pamwamba pa mitu yawo. Fodya ameneyo anasoka okha malemu sabata imodzi yapitayo, asanagwe m'munda ndi kuthamanga kwa magazi.

Ine ndine mtengwa pamudzi pano. Kwathu ndi cha ku Chisemphere. Mwamuna wanga, Levisoni, ndiye mwana woyamba wa malemu. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, fodya wathu atagulidwa motchipa, anapita ndi mnzake kumpoto kwa Mozambiki kukagwira ntchito ya ukalipentala. Anandisiya ndi mwana mmodzi, Tadala, wina ali m'mimba. Ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kenako m'tauni imene ankagwirayo munalowa anthu amfuti, ndipo nambala yake inasiya kupezeka. Mnzake uja anabwera patatha miyezi itatu, mapazi atatupa, nanena kuti anasiyana pothawa m'tchire. Mtembo sanauone. Zina zonse sankadziwa.

Chiyambire pamenepo, munthu amene anaima nane anali apongozi aamunawa. Mwambo sulola mtengwa kucheza ndi apongozi maso ndi maso, ndipo kale tinkapatukirana panjira. Koma iwo ndi amene anamva pawailesi kuti kuboma kwabwera anthu ofufuza za osowa pankhondo, natumiza uthenga kuti ndikonzeke. Tinakwera minibasi imodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Tinapereka chithunzi chake, ine ndinafotokoza za chipsera cha pachala pamene anadzicheka ndi sowo, ndipo pafomu tinalembetsa nambala ya apongozi chifukwa ine foni ndinalibe. Nthawi ndi nthawi anthu aja ankaimba kunena kuti sanapezebe kanthu, koma failo sinatsekedwe. Apongozi ankabwera kudzaima kuseri kwa nkhokwe yanga n'kundiuza mawu amenewo, akuyang'ana kumbali. Abale akayamba zoti andisudzule ndibwerere kwathu, apongoziwo ankangoti sanaike mwana m'manda, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kutayamba kuyera, adzukulu ananyamuka ndi makasu kupita kumanda. Ife amayi tinayamba ulendo wa kumjigo, wina akupita, wina akubwera, matope akukakamira kumapazi. Nkhuni zinali zonyowa. Mafuwa anandandalikidwa kuseri kwa khitchini, ndipo utsi unkakana kukwera, unkangoyenda pansi n'kumatilowa m'maso. Nyemba zinakana kupsa msanga. Mayi wina wachikulire ankatilondolera ndi kamtengo, akudandaula kuti atsikana a masiku ano sadziwa kusonkha moto wa pamvula.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke. Pamsewu anali atayala masamba, ndipo apanjinga ankatsika n'kumakankha. Kunabwera matenanti a kuesiteti yoyandikana nafe, anthu ochokera kumwera, manja adakali akuda ndi utomoni wa fodya. Malemu ankawabwereka ngolo akadwalitsa. Kunabwera abale a ku Nkhamenya palole yaing'ono, akulira m'Chitumbuka asanatsike n'komwe. Amayi a mpingo anafika pamzere atavala zoyera, nsapato zili m'manja. Pofika pakati pa mmawa bwalo lonse linali litadzaza, ena atakhala pansi pa mitengo ya mango, ena atadzifunditsa matumba a feteleza.

Ndili kutsuka mbale, mlamu wanga, mng'ono wake wa Levisoni, anandikodola. Ndinamutsatira kuseri kwa nyumba, kumene ndinapeza bambo aang'ono, mng'ono wa malemu, atakhala pampando. Mlamu anali ndi kope ndi cholembera. Ndinagwada chapatali.

"Amake Tadala," anatero bambo aang'onowo, "tikulemba mbiri ya malemu. Akulu anga anabereka ana asanu ndi mmodzi. Mmodzi anapita ali wakhanda, ameneyo palibe chovuta. Nanga amuna anu tiwaike mbali iti?"

Ndinayang'ana pansi. Iwo anapitiriza modekha. Anati malemu ankakana chifukwa cha mtima wa ubereki, ndipo palibe akanawatsutsa ali moyo, koma zaka zisanu ndi chimodzi si masiku. Anati ine ndikadali wamng'ono, sindiyenera kukalambira pakhomo la munthu amene sakudziwika. Anati mawa pometa maliro ndi bwino timetere onse awiri limodzi, andisudzule, ndikhale womasuka kutsala kapena kupita. Sanalankhule mwankhanza. Akanakalipa bwenzi nditapeza poyankhira.

Mlamu ankangoyang'ana pakope lake. Ndinkadziwa kuti ali ndi ana asanu pamunda wochepa, ndipo munda wa Levisoni uli m'malire ndi wake. Sindikunena kuti iye ankaganiza zimenezo. Ndikungonena kuti ine ndinaziganiza, ndipo ndinachita nazo manyazi.

Ndinali wotopa. Munthu amene ankandiyankhira mafunso otere anali gone m'nyumbamo.

"Lembani momwe mwaonera," ndinatero.

Ndinamva cholembera chikuyenda pakope. Ndinadzuka n'kubwerera kumbale zanga.

Bokosi linafika pangolo, lophimbidwa ndi pulasitiki. Atatha kusambitsa thupi, anatiitana kukaona nkhope. Apongozi anawaveka jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, yomwe anavalanso tsiku lija tinapita kuboma. Nkhope yawo inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinazindikira kuti aka kanali koyamba kuwayang'anitsitsa kumaso popanda kuzemba.

Mwambo unayamba dzuwa litapendeka pang'ono, mvula italeka. Analankhula a kubanja, a kumudzi, a kumpingo. Wina wa matenanti anapempha mpata, nanena mawu ochepa okhudza ngolo ija, kenako anakhala pansi. Ndiye anaitana mlamu kuti awerenge mbiri. Anawerenga za kumene malemu anabadwira, za sukulu imene anasiyira panjira, za ukwati wawo, za udindo wawo mumpingo. Atafika pa ana anaima, nakhosomola.

"Malemu anabereka ana asanu ndi mmodzi. Anayi ali moyo, awiri anatsogola."

Pabwalo panamveka kung'ung'udza, ngati mphepo ikulowa m'chimanga. Anthu a pamudzi anamva tanthauzo lake. Kenako mlongo wake wa Levisoni anagwa chagada n'kuyamba kulira achimwene ake powatchula dzina. Alongo enawo anamutsatira. Zaka zonsezi palibe amene analirapo dzina limenelo mokweza. Amayi amene anandiyandikira anandigwira m'mapewa, akuyembekeza kuti ndigwa. Sindinagwe. Misozi sinabwere. Ndinangoona Tadala, amene tsopano ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ataimirira pakati pa anzake akwaya akundiyang'ana, pakamwa pali yasa. Apongozi aakazi sanatukule mutu. Sindinadziwe ngati anamva.

Ulendo wa kumanda unadutsa pakati pa minda ya fodya. Mitengo yake inali itathyoledwa masamba am'munsi, ndipo am'mwamba ankatinyowetsa zitenje tikamadutsa. Njira inali yoterera. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, ndipo pamalo ena mmodzi anagwada m'matope, anzake n'kumugwirira. Akwaya ankaimba patsogolo, ife pambuyo tinkalandira mochedwa, moti nyimbo imodzi inkamveka ngati ziwiri. Tisanafike mvula inayambanso.

M'dzenje munali mutalowa madzi. Tinaima kudikira adzukulu akukapa ndi ndowa. Atatsitsa bokosi, dothi linkagwa lolemera, mabuma okhaokha. Poika nkhata anaitana mkazi wa malemu, kenako ana. Anapita anayi. Ine ndinapita pagulu la atengwa ndi akamwini, ndinaika maluwa anga kumiyendo. Nditaima pamenepo ndinagwidwa ndi maganizo oipa amene mpaka lero ndimachita nawo mantha. Ndinawachitira nsanje apongozi aakazi. Iwo akudziwa pamene amuna awo agona. Akafuna adzabwera kudzalambula, adzaloza adzukulu awo kuti ndi apa. Ine anali atangondipatsa maliro opanda mtumbira.

Pobwerera mayi wina anayenda pambali panga. Ndinamuzindikira mochedwa chifukwa anali atafunda chitenje kumutu. Ndi wa ku Chamama, ndipo tinadziwana pamzere kuboma kuja. Iye mwana wake wamwamuna anasowa kudera lomwelo. Anamva za malirowa kwa wogulitsa tomato, nabwera pakabaza. Sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anangondikumbutsa kuti nambala imene ili pafomu ija ndi ya malemu, ndiye ndisunge foniyo kapena ndipite ndikasinthitse, ndingadzaphonye uthenga. Anati zowerengedwa pamaliro sizitseka failo. Anatinso alipo amayi angapo a vuto lathuli amene amakumana m'kalasi ina kumapeto a mwezi, amathandizana kulemba makalata ndi kuperekezana kumaofesi. Palibe mwa iwo amene anapezapo munthu wake, koma ndikafuna ndipite.

Ndinamuuza za kumeta kwa mawa, n'kumufunsa chimene ndingachite.

"Ine anandimeta chaka chachitatu," anatero. "Tsitsi linamera. Kudikira sikunathe."

Tinasamba m'manja pamphambano, pamene anaika mabeseni a madzi, ndipo iye ananyamuka osadya poopa kuti mtsinje ungadzaze asanawoloke.

Kumudzi anthu anadya mofulumira. Fodya sadikira maliro, ndipo ambiri anali atasiya masamba okhwima m'minda masiku awiri. Matenanti anayamba kuchoka, kenako lole ya ku Nkhamenya, imene inatitimira pachipata mpaka abambo anachita kuikankha. Ndinapeza mlamu akubweza mabenchi a tchalitchi pangolo, ndipo ndinamupempha foni ya bambo ake. Anapisa m'thumba n'kundipatsa osandiyang'ana. Nditatembenuka ndinamva akunena chapansipansi kuti pepani alamu, dzanja linakana koma ndinalemba. Ndinangopitirira. Ndinalibe mkwiyo woti ndimupatse, ndiponso mawu aja anatuluka pakamwa panga.

Tadala anandipeza kukhitchini ndikukwapula miphika yobwereka. Anafunsa ngati pali uthenga umene unabwera wonena za bambo ake umene ine ndinamubisira. Ndinati palibe. Anafunsa kuti nanga bwanji awerenga choncho. Ndinati akuluakulu aona kuti nthawi yakwana. Anaima pang'ono, kenako anatenga mng'ono wake, amene sanawaonepo bambo ake ndi maso, n'kupita naye kunyumba kwathu. Sanalire pamaso panga.

Dzuwa likulowa, pabwalo panatsala mafuwa akuda, phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu m'matope. Nkhuku zinabwerera n'kumatola zotsala. M'chigafa munalibenso munthu, madzi okha akudontha pamalo pamene udzu unatha. Abale ochepa otsala kudikira za mawa anapita kukagona m'nyumba zoyandikana. Ndinalowa m'nyumba ya siwa kukasesa. Mipando inali idakali kunja, ndipo chipindacho chinkaoneka chachikulu. Pawindo bambo aang'ono anali atasiya kapaketi ka malezala.

Apongozi aakazi anali pamalo pomwe anakhala usiku wonse, ngakhale kuti panalibenso thupi loti alilondere. Ndinawapatsa phala, analandira n'kuika pansi. Ndinasesa mowazungulira. Nditafika pakhomo ndi zinyalala, anandiitana. Aka kanali koyamba kumva mawu awo tsiku lonse.

"Amake Tadala."

"Wawa, amayi."

"Levisoni akabwera, mudzamuuze ndinu za bambo ake. Ine pakamwa panga sipangathe."

Ndinaima ndi tsache m'manja. Kunja mvula inali italeka, ndipo mudzi wonse unali zii.

"Ndidzawauza, amayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu, natenga phala lija n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono. Ine ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinakhala nawo pamphasa mpaka mdima unatibisa nkhope.