Siketi Yolekeza Pamwamba pa Maondo

"Nsalu yatsopano usamaikhulupirire ndi maso okha," amayi ankandichenjeza choncho. Lero mdzukulu wanga wabwera ndi nsalu ndi kapepala kodulira siketi, ati akupita kwa telala. Ndamulanda kaye nsaluyo, ndipo fungo la sitachi landibwezera kumsika wa Chiringa.

Ndinali kamtsikana, ndikukonzekera ubatizo. Amayi anaiunika nsalu padzuwa, naikoka, nanyambita m'mphepete mwake n'kupukutira pampango woyera kuti aone ngati ikusuluka. Wogulitsa anachita kutopa nawo. Tinasankha yobiriwira ya timaluwa tachikasu, mayadi awiri athunthu, n'kukaisiya kwa atelala, alamu awo a amayi. Kumeneko amayi sanafunse kanthu, poti n'pachibale.

Siketi inabwera yolekeza pamwamba pa maondo.

"Nsalu inachepa, mlamu," anatero atelalawo.

Tsiku la ubatizo ndinakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndikungoikokera pansi ndi manyazi. Kenaka analowa mwana wa atelala, atavala bulauzi yobiriwira ya timaluwa tachikasu. Amayi anamukodola, napapasa mkono wa bulauziyo ndi zala.

"Watchenatu, mwanawe. Wakusokera ndani?"

"Ababa," anayankha akumwetulira. "Akuti ndi zotsala."