Anabwera Kudzajambula Mng'ono Wanga

Kasikipa kachikasu kaja ndidakali nako. Kali pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo zilembo zobiriwira za pachifuwa zinasupuka moti dzina la kampani siliwerengekanso. Zili bwino choncho, chifukwa sindifuna kulitchula. Ndi kamalaya ka mwana wa zaka zinayi, koma mng'ono wanga kankamufika m'mawondo.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi, ndili giredi faifi, ndipo tinkakhala ku Makululu, komboni ya ku Kabwe, anthu atatu: amayi, ine ndi mng'ono wangayo. Atate anali atamwalira. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali kondakitala wa minibasi. Ankakhala ku Chililalila koma ankatidzera pafupipafupi. Agogo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi, ndiye m'nyumba tinkayankhula Chichewa chawo chija, panja n'kumasakaniza ndi Chibemba monga aliyense. Chithunzi cha pa ukwati kapena cha pa khadi tinkati kukopa, monga amanenera pa Kabwe. Kujambula anali mawu akuchipatala, chifukwa agogo ankajambulidwa chifuwa chaka ndi chaka kuti aone ngati fumbi la mgodi lawadya mapapo. M'nyumba mwathu mawu awiriwa sankasokonezeka.

Chinali chilimwe cha Okutobala, chija malata amachita kulira ndi dzuwa. Mphepo ikachokera ku chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi, fumbi linkamveka m'mano ngati mchenga mu nshima. Mng'ono wanga anayamba ndi m'mimba. Anali mwana wolongolola, woimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu onse, koma anangoti zii. Ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumakanda dothi la pakhoma, kumadya. Tsiku lina masana anagwa pafupi ndi mbaula, maso n'kutembenuka, zidendene zikugunda pansi. Amayi anakuwa mpaka anthu a mzere wonse anatuluka.

Kukiliniki namwino anati mwina ndi mtovu, chiphe chija chili m'fumbi la kwathu. Anapatsa amayi kapepala kapinki n'kuwauza kuti Lachinayi apite kuchipatala chachikulu, akamutenge mwana magazi ndi kumujambula m'mimba. Amayi sankadziwa kuwerenga. Kapepalako anakamanga pa nsonga ya chitenje, koma mawuwo ndiwo anawasunga, ndipo ankangowabwereza akusanja tomato wogulitsa: Lachinayi akamujambula, tidziwa.

Lachiwiri m'komboni munalowa galimoto yoyera. Munatuluka mayi wina wovala magalasi akuda ndi bambo womasulira atanyamula mapepala, ndipo ankayenda khomo ndi khomo akuyang'ana ana. Atafika kwathu anaima. Mng'ono wanga anali wokongola, abale, ngakhale atadwala choncho: maso aakulu, kanzeru pakati pa mano. Bamboyo anamva amayi akundikalipira m'Chichewa, ndiye pofuna kuwasangalatsa anasiya chiyankhulo cha m'tauni n'kuyamba chakwathu.

"Tibwera Lachinayi kudzajambula mwanayu, mayi. Ndi nkhani ya umoyo wa ana."

Ndinaona amayi akugwira nsonga ya chitenje ija. Lachinayi lomwelo, mawu omwewo. Akanangoti kukopa, bambo uja! Amayi akanaseka n'kuwauza kuti tilibe nthawi ya zithunzi.

Bamboyo anatulutsa pepala la Chingerezi kuti amayi adinde chala, ndipo amayi anaitana ine. Ndinali mwana wonyada koopsa, nambala wani m'kalasi pa Chingerezi, ndipo anthu oyandikana nafe anali atasonkhana. Ndinapukuta manja, ndinagwira pepala, ndinawerenga mokweza ngati wa pa wailesi. Mawu ataliatali ndinkangowalumpha kapena kuwatafuna. Amene ndinawamva bwinobwino anali atatu okha: mwana, umoyo, ndi lina lotanthauza kuti palibe malipiro. Amayi atafunsa kuti akuti chiyani, sindinachite n'chibwibwi chomwe. Ndinati akuti amuthandiza mwaulere. Amayi anadinda, mayi wa magalasi anandisisita m'mutu, ine n'kumva ngati ndakhoza mayeso.

Lachinayi sitinapite kuchipatala. Mnansi wina atafunsa, amayi anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nanga n'kubereka mwana wodwala, kukwera minibasi ziwiri, kukaima pamzere tsiku lonse, pamene makina akubwera okha pakhomo? Ndipo anabweradi ndi makina. Kamera yaikulu yakuda pa miyendo itatu, ambulera yasiliva, zingwe, chikwama chachitsulo. Ine ndemwe ndinati chipatala chafika.

Anamusambitsa kumaso, anamudzoza mafuta, anamuveka kasikipa kachikasu n'kumugwiritsa kapu ya mkaka. Mwana sanafune kuseka. Anayesa switi, anayesa kuwomba m'manja, osatheka. Kenako bambo womasulira uja analira ngati tambala, ndipo mng'ono wanga anaseka kamodzi kokha, kuseka kwake koyamba pa masabata ambiri. Kamera inalira kangapo. Amayi anasendera pafupi n'kukweza kasikipako kuti aonetse mimba yake yotupa. "Vuto lili apa," anatero. Mayi wa magalasi anamwetulira n'kukatsitsa bwinobwino. Alendowo akulongedza katundu, amayi anafunsa kuti zotsatira zituluka liti, ndipo bamboyo anati pakatha masabata atatu muziona nokha, mayi.

Lero ndimagwira ntchito pa shopu yosindikiza zikwangwani m'tauni, ndipo ndimadziwa mmene ntchito imeneyi imayendera. Wojambula amauzidwa nkhope imene akufuna, amakaipeza, amabwerera. Anzanga akuntchito ndikawauza nkhaniyi amati bambo uja sanalakwe, anangomva zotsatira n'kuganiza zithunzi. Mwina. Koma ine ndimati mimba ija anaiona onse awiri, ndipo palibe anafunsa kuti mwanayu watani. Ndikakumbukira dzanja lija likutsitsa kasikipa, mpaka lero mtima umandiwira.

Masabata atatu amenewo sindidzawaiwala. Amayi anasamutsa thebulo la tomato n'kukaliika pamphambano pamene galimoto yoyera inalowera, ngakhale panalibe mthunzi ndipo tomato ankafota asanagulidwe. Galimoto iliyonse yoyera ikatulukira ankaimirira, kukonza duku, kenako n'kukhalanso pansi. Ine ndikaweruka kusukulu ankandisiya pamenepo kuti ndiziyang'anira msewu iwo akukaona mwana. Mng'ono wanga anakomokanso kawiri. Ulendo wachiwiri anadziluma lilime, magazi n'kudonthera pa kasikipa kaja, chifukwa amayi ankamuveka tsiku lililonse kuti anthuwo akabwera amuzindikire msanga. Mnansi uja anati pitani naye kuchipatala, mayi, mukudikira chiyani? Amayi anayankha kuti mwana sajambulidwa kawiri, ndipo madokotala akawakalipira kuti asakaniza zipatala. Ankanena molimba, koma ndinkawamva akupemphera kolona pothyola nkhuni, pochapa, potunga madzi. Mng'ono wanga analeka kunditchula dzina. Ndikamuitana ankangondiyang'ana ngati mlendo.

Sabata lachinayi, dzuwa lili paliwombo, amalume anatulukira akuthamanga, ndalama zosinthira zikulira m'thumba. Anali atasiya minibasi pa siteshoni.

"Alongo, mwana wanu ali pamsewu wa ku Lusaka."

"Wapenga? Mwana si uyu wagona apayu?"

"Berekani, tiyeni mukaone."

Titafika tinapeza chikwangwani chachikulu kuposa nyumba yathu. Mng'ono wanga anali pamwamba apo akuseka, kanzeru kake kali poyera, kapu ya mkaka m'manja. Masaya anawadzaza, maso anawayeretsa. Kumbuyo kwake anaikako udzu wobiriwira ndi mtambo wabuluu, pamene pomwe anakhala tsiku lija panali khoma la dothi lomwe ankakanda. Ine ndinalumpha ndi chisangalalo, ndisaname. Amayi anaima chilili, mwana ali kumsana mutu uli lende.

"Werenga," anatero. "Akuti akudwala chiyani?"

Ulendo uno mawu anali osavuta. Ndinawamasulira kuti ana athanzi ndiwo tsogolo lowala, ndipo kampani yakutiyakuti imasamala Kabwe. Amayi anati ndiwerenge pansi, timalemba ting'onoting'onoto, zotsatira zili pamenepo. Ndinasendera mpaka pa mizati yachitsulo. Panali nambala ya foni basi.

Amalume anaimba. Anayankha mayi waulemu kwambiri, amene anati iwo ndi ofesi yoona za ubale ndi anthu, chipatala alibe, ndipo akuthokoza chifukwa choimba. Amayi analanda foni ija n'kumakuwa kuti munamujambula mwana wanga, ndiuzeni mwapeza chiyani m'mimba mwake, chonde ndiuzeni. Anakuwabe foni itaduka kale. Kenako anakhala pansi pafumbi, m'mphepete mwa msewu, miyendo itatambasuka ngati ali pamaliro. Minibasi ina inaima kutsitsa anthu, ndipo mayi wina pawindo analoza m'mwamba n'kuloza kumsana kwa amayi. Anafunsa mnzake ngati si mwana yemweyo. Mnzakeyo anayang'ana n'kupukusa mutu. Anati ayi, uyu ndi wodwala.

Tsiku lomwelo amalume anatitengera kuchipatala chachikulu, kapepala kapinki katatha ntchito kalekale. Anamugoneka masabata awiri, ndipo anapeza kuti unalidi mtovu. Sanamwalire. Ndikukhala naye mpaka pano, amandithandiza kusesa, ndipo tambala akalira amasekabe. Koma mawu ake sanabwerere onse, nyimbo zija sanaziimbenso, ndipo sukulu sanaiyambe. Ndafunsa anamwino ambiri ngati mwezi umene tinataya uja ukanasintha kanthu. Palibe amene amati inde, ndipo palibe amene amati ayi.

Atatuluka m'chipatala mvula yoyamba inali itagwa, m'komboni monse mukununkha dothi lonyowa. Aphunzitsi anga, mayi wa ku Katete, anabwera kunyumba Loweruka kudzafunsa chifukwa chake ndinajomba masiku ambiri chotero. Amayi anawafotokozera, n'kutulutsa pepala lija, limene alendo aja anatisiyira, m'chitini cha masingano. Aphunzitsi analiwerenga chamumtima kawiri konse, n'kuvula magalasi. Anati pepalali likunena kuti mwalola kampani igwiritse ntchito nkhope ya mwana paliponse, nthawi iliyonse, popanda kukulipirani. Za mankhwala mulibe ngakhale liwu limodzi.

Amayi anafunsa kuti nanga anamuikiranji pamwamba paja ngati safuna kumuthandiza. Aphunzitsi anati chikwangwani chili chonse uzichifunsa kuti akuyankhula ndani, akuyankhula ndi yani, ndipo akufuna chiyani. "Chija sichiyankhula ndi inu, mayi. Chiyankhula ndi anthu a m'magalimoto ochokera ku Lusaka, kuti akamva za fumbi la kuno akumbukire mwana woseka." Anaseka pang'ono, kuseka kowawa, n'kunena kuti pa Chibemba kukopa ndi kutenga chithunzi, pa Chichewa kukopa ndi kunyengerera munthu, ndipo anthu aja anachita zonse ziwiri. Mafunso atatu aja ndi amene ndimadyera lero. Tsikulo ankangondidutsa pamutu, chifukwa ndinali kalikiliki kudikira kuti aphunzitsi amve kuti pepala lovuta lonselo ndinaliwerenga ine, mokweza, pamaso pa anthu.

Ndipo anafunsadi. Anapinda pepalalo n'kuti, "Kodi anakuwerengerani ndani musanadinde?"

Ndinakweza dzanja ngati tili m'kalasi. Amayi anandiponda phazi mwamphamvu, mpaka chala chinatuluka magazi pachikhadabo.

"Palibe," anatero. "Ndinangodinda ndekha. Uyu anali kusukulu."

Aphunzitsi anandiyang'ana, anayang'ana amayi, ndipo sanafunsenso. Atachoka ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira ndi mkwiyo. Ndinakana nshima madzulo ake. Sabata lathunthu sindinawayankhule bwino amayi, chifukwa anandinamizira pamaso pa aphunzitsi anga n'kundilanda ulemu wa Chingerezi changa. Iwo sanadzitchinjirize. Amalume atafunsa funso lomwelo anawayankha chimodzimodzi, anansi amene anaona ndi maso awo anawauza kuti akukumbukira molakwika, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira sanasinthe mawu amenewo. Ine ndinkadutsa pansi pa chikwangwani chija ndi anzanga n'kumawalozera mng'ono wanga monyadira, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti amayi anandichitira nsanje.