Tsiku Limene Bambo Anaima Pagolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anasiya kutuluka kuchipinda. Tinkakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi pafupi ndi bwalo la mpira. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ina ya fodya ku Kanengo, ndipo nyengo ya fodya ikatha ankakhala pakhomo kudikira kuitanidwanso. Zimenezo tinali titazizolowera. Koma chaka chimenecho mng'ono wawo anamwalira ku Thyolo mu Novembala, ndipo bambo anabwerako kumaliro ali munthu wina.

Ife ana maganizo onse anali pa Khirisimasi. Mvula inali itagwa, chimanga cha kuseri kwa nyumba chikufika m'mawondo, mawailesi a m'magolosale akusokosa kuyambira m'mawa. Ine anali atandiyeza kale diresi la buluu kwa a Mbewe, telala wa pakhonde loyandikana nafe, ndipo kukangocha ndinkathamangirako kukaona pamene lafika. Ndikatero ndinkalowa kuchipinda ndili wefuwefu kukauza bambo kuti mikono yatha, kwangotsala zipi. Ndinkawapeza atagona choyang'ana kukhoma.

"Zili bwino, Tadala," ankangotero. Chakudya chawo chinkabwerera chili chovundikira.

Amayi anatiuza kuti anthu akafunsa tiziti bambo akudwala malungo. Koma tsiku lina a Mbewe anaimitsa makina awo n'kundiyang'anitsitsa.

"Malungo ake ndi amtundu wanji osatha chonchi? Kuchipatala anapita?"

Ndinawauza kuti thupi la bambo silitentha, koma sadya, saseka, ngakhale wailesi yawo sakuitsegula. A Mbewe sanandifunsenso china. Masana omwewo anabwera kwathu atanyamula malaya a anthu, singano ndi mabatani, anapempha mpando kwa amayi, n'kukhala pakhomo penipeni pa chipinda.

"Bambo a Tadala, ndabwera ndi vuto," anatero. "Khirisimasi ikangopita, m'mawa mwake amuna okwatira tikumenya mpira ndi anyamata osakwatira, ndiye tilibe goloboyi. Ndamva kuti ku Thyolo munkauluka."

"Ndisiyeni, achimwene. Sindili bwino."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera."

Anakhala pomwepo akusoka mabatani mpaka dzuwa litapendeka. Mawa lake anabweranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Sankawakakamiza kulankhula. Ankangosimba za makasitomala ovuta ndi za mimba za osewera anzawo. Tsiku lina ndikusesa pabalaza ndinamva mawu a bambo. Ankafotokoza za mng'ono wawo uja, mmene ankasewerera limodzi mpira wa mapepala pakati pa minda ya tiyi, ndi mmene anachedwera kupita kukamuona akudwala. Kenako analira mokweza, ine n'kuima chilili ndi tsache m'manja. Amayi anandikokera panja, nawonso misozi ili chuchuchu. Madzulo amenewo bambo anasamba, ndipo anadya nafe pamodzi.

Tsiku la mpira dera lonse linakhamukira kubwalo. Azimayi anabwera ndi zidebe zoti aziomba ngati ng'oma, ana tinakwera pachulu, wina akugulitsa mafirizesi, wina chimanga chootcha. Mvula inali itagwa m'mamawa, moti pagolo panali thope lokhalokha. Nditaona bambo akulowa atavala kabudula wobwereka ndi juzi lawo lakale, ndinakuwa mpaka mawu anasasa: "Ndi bambo anga amenewo! Ndi bambo anga!"

Anyamata aja ankathamanga ngati alibe mafupa. Madoda athu anatopa msanga, a Mbewe akungogwira m'chiuno pakati pa bwalo n'kumalamula anzawo. Zigoli zinalowa, koma mpira wina bambo anaukankha ndi dzanja limodzi, zidebe n'kulira bwalo lonse. Chakumapeto kunabwera penate. Bambo anatambasula manja, mnyamata anathamanga n'kuumenya, bambo anadumphira kumanzere, mpira unapita kumanja n'kukagunda mtengo wa golo. Bambo anagwera m'chithaphwi, khuvuu!

Anadzuka nkhope yonse ili thope, maso okha akuoneka. Anayang'ana mpira uli kutali, anadziyang'ana okha, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhalanso pansi m'madzi momwemo. Ine ndinaiwala za diresi langa latsopano, ndinadumpha pachulu n'kukawagwera m'khosi. Amayi anayesa kundikalipira, koma nawonso anali atagwira nthiti.

Sindinganene kuti bambo anachira tsiku lomwelo. Panali masiku ena amene ankangokhala duu, maganizo ali ku Thyolo. Koma anayamba kunena okha kuti, "Lero mtima wanga sunadzuke bwino," n'kupita kukakhala pakhonde pa a Mbewe, kapena kuyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu ndi kubwerera. Amayi nawonso anasiya kunena za malungo.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikumvetsa kuti nyengo ya zisangalalo imalemera kwambiri kwa munthu amene mumtima mwake muli maliro. Onse akamaseka, iye amadziona ngati wolakwa, ndiye amabisala. Disembala akafika ndimayang'ana amene wasowa pagulu, n'kupita kukakhala naye, ngakhale ndilibe mawu anzeru oti ndimuuze. Ine mwini zikandilemera sindinamizira mutu kapena malungo, ndimaimbira mchemwali wanga n'kumuuza mmene zilili.

Bambo tsopano ndi nkhalamba. Khirisimasi iliyonse amasonkhanitsa adzukulu n'kuwauza kuti penate ija anaigwira ndi manja awiri. Ine ndinalipo, ndinaona zonse, koma sindiwatsutsa.