Gitala Yopanda Mutu

Phewa lamanzere ndi limene linandituma ku Chileka. Pandekha sindikanapita, chifukwa gitala ndinali nayo kale, yofiira, yolemera ngati mtondo, imene ndinagula zaka zoyambirira za matipate nditangoyamba kuphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Lirangwe. Ndinaimba nayo m'kwaya ya mpingo wathu mpaka ana amene ndinawaimbira pa ubatizo ndinadzawaimbiranso pa ukwati. Koma nditagwa pa njinga chaka china nthawi ya dzinja, phewa silinabwererenso mwakale. Lamba wa gitala akangokhalapo nyimbo ziwiri, dzanja lonse linkachita dzanzi mpaka ku zala. Adokotala anandiuza mosapsatira kuti ndisiye kupachika zolemera paphewapo, apo ayi tsiku lina ndidzalephera ngakhale kulemba pa bolodi. Ndinatuluka m'chipatalamo nditakwiya ngati kuti iwowo ndi amene anandigwetsa. Zoona zake ndinkachita mantha. Kusiya kwaya sindinkafuna, ndipo kwaya yathu siimbiridwa munthu atakhala pa mpando.

Za gitala yopepuka ndinamva kwa mlamu wanga amene amalondera pa bwalo la ndege. Anati mnzake wina, dalaivala, anasiyiridwa katundu ndi bwana wake wachizungu pobwerera kwawo, ndipo m'katundumo munali gitala yamagetsi imene inkangodya malo m'nyumba.

"Koma alamu, ndikuuzirenitu," anatero pa foni, "chinthucho chilibe mutu."

Ndinaganiza kuti inathyoka paulendo, ndipo ndinangoti chothyoka chimakonzedwa. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukweranso ina yolowera ku Chileka.

Dalaivalayo ankakhala kuseri kwa msika, m'nyumba ya lendi imene mazenera ake ankanjenjemera ndege ikamanyamuka. Anatulutsa kachikwama kakuda, kafupi moti ndinayamba kukayika ngati tikunena chinthu chimodzi. Anatsegula zipi. Khosi la gitalayo linkangothera panjira ngati nzimbe yodulidwa ndi chikwanje. Ndinasisita pothera pake kufunafuna mng'alu kapena guluu, koma panali posalala, popaka vanishi bwinobwino, nsambo zonse zitamangidwa ndi tizitsulo ting'onoting'ono. Apa ndinazindikira kuti sinathyoke ayi. Munthu wina kwinakwake anakhala pansi, naganiza, napanga dala chinthu choterechi, ndipo ndinalakalaka nditamuona nkhope.

"Nanga amachunira pati?" ndinafunsa.

"Madala, ine ndimadziwa siteringi basi," anatero dalaivala uja. "Bwana ankaimba ali pakhonde atavala zomvera m'makutu, ife osamva kalikonse. Fufuzani nokha, muipeza."

Ndinaitembenuza uku ndi uku mpaka ndinapeza makiyi ake kumunsi, kumene nsambo zimayambira, tozungulira tisanu ndi kamodzi tondandalikana. Ndinapotokola kamodzi, nsambo n'kukwera mawu. Ndinaseka ndekha. Kenako ndinaona kuti tizitsulo ta pakhosi, timene timagawa manotsi, sitinali towongoka. Tinali topendekeka, tina kuweramira uku tina uko, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mmisiri wake anali atalawa kachasu. Kumbuyo kwa khosi nakonso sikunali kobulungira monga ndinazolowera, kunali ndi mbali zake zafulati. Thupi lake linali lotemedwatemedwa kumunsi ngati wina analumako.

Chimene chinandigonjetsa ndi kulemera kwake. Poinyamula ndinakonzekera mphamvu zimene ndinkanyamulira yakale ija, ndipo ndinatsala pang'ono kudzimenya nayo pachibwano. Ndinavala lamba n'kuyamba kuzungulira pabwalo la nyumbayo ndikudikira kuti dzanzi lija libwere. Amayi ena amene ankachapa pampopi anasiya kuchapa kumandiyang'ana. Ndinazungulira mpaka dalaivala anatopa n'kukhala pa njerwa, koma phewa linali zii. Magetsi anali atazima tsikulo, choncho ndinaigula ndisanamve n'komwe mawu ake pa sipika.

Kunyumba mayi a ana anaiyang'ana kuchokera kumwamba mpaka kumunsi, manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, mbuzi tinagulitsa ija yapitira chimenechi? Akupusitsanitu a m'tauni. Mutu wake ausunga kuti adzakugulitseni padera."

"Ukaipa dziwa nyimbo," ndinatero ine, ngakhale mumtima ndinali ndisanatsimikize kuti nyimbozo ikuzidziwa.

Ndinailumikiza ku kasipika kanga ka batire, ndipo nditakhudza nsambo mawu anatuluka oyera, otalika, osafulumira kuzima. Mayi a ana sanachoke pakhomo mpaka nyimbo inatha.

Masiku otsatirawo ndinkangoiphunzira ngati mlendo amene wabwera kudzakhala. Ndikafuna kuchuna, dzanja lamanzere linkapita lokha kumwamba n'kukagwira mphepo, ndipo izi zinandichitikira kambirimbiri ndisanazolowere. Tizitsulo topendekeka tija tinali ndi khalidwe lodabwitsa: ndikatiyang'ana ndinkasochera, koma ndikayang'ana kumbali zala zinkagwera pamalo pake zokha. Polumidwa paja ndinadzapeza kuti ndi pokhazika pantchafu, ndipo mbali zafulati zija zinkalondolera chala chachikulu pamene chiyenera kukhala. Chilichonse chimene ndinachiyesa chilema chinali ndi ntchito yake. Chimene ndinasowa ndi popachikira. Yakale ija ndinkaimanga kachingwe kumutu n'kuikoleka pa msomali, koma iyi inalibe pomanga, moti inkagona pamwamba pa kabati.

Ulendo woyamba kupita nayo pagulu unali ukwati wa mu Okutobala. Ndifotokoze kaye mmene timaimbira kwathu. Kwaya imaima cha kumbali kwa guwa m'mizere inayi, ine n'kuima kutsogolo kwawo nditawafulatira, maso ali kwa abusa. Nyimbo za nthawi ya chopereka, kapena pamene akwati akusaina, zilibe malire ake. Kolasi imangozungulira mpaka ntchitoyo ithe. Abusa akaimirira, ine ndimaimba kamzere kanga kotsekera, kwaya n'kumaliza pamodzi. Zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti anthu amamva kamzereko, ndipo sindibisa, ndinkanyada nako.

Tsikulo malata ankachita kulira ndi dzuwa. Akwati anasaina, ankhoswe anasaina, abusa anaimirira. Ndinaimba kamzere kanga kotsekera, kokoma kuposa kale lonse. Kwaya inalowanso kolasi. Ndinati mwina sanakonzeke, ndinadikira izungulire, n'kutsekanso. Ng'oma zinapitiriza, amayi akuvina, manja akuombedwa. Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Mkwatibwi anali chiimire, thukuta likutsika pansi pa velo, mkwati akumupepesa ndi maso. Nditatseka kachitatu osamveka, ndinangosiya kuimba. Mzere wakutsogolo unaleka, wachiwiri unaleka pakati pa mawu, akumbuyo anapitirira, mpaka kunatsala bambo mmodzi wa besi amene anamaliza mzere wonse yekhayekha ndi mawu ake onse. Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka. Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Titatuluka, amayi apampando a kwaya anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Ndi namwino wopuma pantchito, ndipo polankhula sazungulira.

"Aphunzitsi, mwativula pamaso pa alendo a ku Madziabango."

"Ine? Ndatseka katatu konse, mayi. Makutu munasiya kunyumba?"

"Kutseka kwake kuti? Ng'oma ziwiri, manja, nthungululu, ndiye timve kasipika kanuko? Ife akumbuyo sitinakamvepo chiyambire. Timaona mutu wa gitala. Umasuzumira kuseri kwa mkono wanu, makiyi akunyezimira, ndiye ukangotsika pansi timadziwa kuti yatha. Lero tayang'ana mpaka maso kuwawa, kulibe chotsika."

Sindinkadziwa n'komwe kuti potseka nyimbo ndimatsitsa gitala.

"Lamulungu la sabata yamawa mubwere ndi yakale ija," anapitiriza. "Ngati simungathe, akulu ampingo anena kale kuti kiyibodi ilipo ndipo woimba aliponso. Sitikukuthamangitsani ayi, koma za lerozi zisachitikenso."

Nditafika kunyumba ndinatsitsa yofiira ija pa msomali, n'kuima nayo kutsogolo kwa galasi la kabati. Ndinkafuna kudzionera ndekha. Ndinaimba mpaka pa kamzere kotsekera, ndipo zoonadi, mutu uja unawerama wokha ngati munthu wopereka moni. Ndinabwereza, unaweramanso. Zinandiseketsa, komanso zinandiwawa, poganiza kuti luso limene ndinkanyada nalo linkathera m'makutu anga omwe. Ndisanamalize nyimbo yachiwiri zala zinayamba kuzizira, kenako sindinkazimvanso. Mayi a ana analowa, anandivula lamba osandifunsa, n'kuibwezera gitalayo pa msomali.

"Imeneyi yapuma," anatero. "Dzanja ndi limodzi, silili pamsika."

Lachitatu madzulo ndinapita kokonzekera nyimbo nditanyamula yopanda mutu ija. Amayi apampando anayang'ana kachikwamako, anandiyang'ana ine, koma anandilola kuti tiyese. Ndinayesa kuitsitsa mwamphamvu potseka, akumbuyo anati akungoona chigongono. Ndinayesa kuponda pansi, ng'oma zinameza phokoso lake. Bambo wa besi uja anapereka nzeru yoti timangirire kandodo kokhala ndi kansalu koyera kumapeto kwa khosi.

"Ine sindinabwere kudzaingitsa mbalame m'mapira," ndinamuyankha, ndipo ndinali nditayamba kupsa mtima.

Tinayambanso nyimbo. Nthawi yotseka itakwana, ndinamva kuti akukonzekera kulowanso kolasi, ndipo mkwiyo unandikwera. Ndinatembenuka thupi lonse, gitala ili pachifuwa, kuti ndiwakalipire kuti malizani. Mawu sanatuluke n'komwe. Onse anamaliza mzerewo n'kuima pamodzi, ng'oma zomwe, ngati wazimitsa wailesi.

Tinayang'anizana. Ndi yakale ija sindinkatembenuka chifukwa kulemera kwake kunkandikoka paphewa, choncho ndinkangoima chilili kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Iyi inatembenuka nane osaimva n'komwe.

"Tabwerezani zomwezo," anatero amayi apampando.

Tinabwereza, zinatheka. Tinayesa nyimbo ina yothamanga, zinathekanso. Iwo sanandiyamikire. Anangoti zokonzekera n'zina, pamaso pa mpingo n'zinanso, tidzaone Lamulungu.

Lamulungu linafika, nthawi ya chopereka inakwana. Anthu anadutsa kutsogolo mzere ndi mzere, mbale zinabwerera, abusa anagwira m'mphepete mwa mpando n'kuimirira. Ndinatembenuka, ulendo uno mopanda mkwiyo, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: nkhope za anthu anga ali mkati moimba. Ndinkawadziwa ndi mawu okha, uyu wokwera, uyu wochedwa kulowa, uyu wopuma pakati. Sindinkadziwa kuti bambo wa besi amaimba atakweza nsidze ngati wadabwa, kapena kuti mayi a ana, mu mzere wachiwiri, amaika dzanja pachifuwa akafika pa mawu okwera. Maso onsewo anali pa ine, akudikira. Ndinasangalala kwambiri. Tinamaliza pamodzi, m'tchalitchi munangoti zii, abusa n'kuyamba pemphero.

Potuluka amayi apampando anandidutsa pakhomo akukonza mpango wawo.

"Lachitatu musachedwe, aphunzitsi," anatero, n'kumapita.

Kuchoka ku tchalitchi kufika kwathu ndi kamtunda ndithu, kudutsa msewu waukulu, kutsika kudambo n'kukweranso. Tinayenda ndi mayi a ana tikukambirana za mbewu ndi za mvula imene inkachedwa. Titafika pa mpanda wa nyumba yathu iwo anaima n'kundiyang'ana.

"Bambo, mwaona phewa limene mwanyamulira?"

Ndinayang'ana. Kachikwama kanali paphewa lamanzere, ndipo kanali pamenepo kuyambira pakhomo la tchalitchi.