Madzi a Dzimbiri pa Kabudula Wanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali ndisanasiye kukodza pogona. Mudzi wonse kwathu kwa Kaphuka unkadziwa, chifukwa mphasa yanga inkayanikidwa pampanda m'mawa uliwonse. Anzanga ankanditchula Kamvula.

Amalume anga, aPhiri, anali ndi galimoto ya bokosi yonyamulira mbatatesi. Inali yakale kuposa ine. Chitseko chimodzi ankachimanga ndi legeni. Koma inali ndi hita, ndipo ankainyadira. Mu Juni, nkhungu ikakuta mapiri, ankapotokola kabatani, mpweya wofunda n'kumatuluka kumiyendo.

Loweruka lina anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Chimbiya. Anati ndikaonetsa nzeru ndiziyenda nawo tchuthi chonse, ndiphunzire za galimoto. Palibe chimene ndinkachifuna kuposa chimenecho.

Kutsogolo kunakhala aNangozo, mayi wogulitsa mazira, dengu lawo lili pampando. Malo anga anali pansi, pamiyendo pawo, pathumba lopanda kanthu. Panali pofunda. Galimoto inkagwedeza pang'onopang'ono. Tulo tinanditenga.

ANangozo anandidzutsa ndi phazi.

"APhiri, taimani! Mphwanu uyu watinyowetsa."

Kabudula yense anali wonyowa, wofunda. Thumba chimodzimodzi. Madzi ake anali achikasu. Ndinakumbuka kuti ndisanagone china chake chinkandidonthera pabondo kuchokera kunsi kwa dashibodi. Koma kufunda kumeneko ndinkakudziwa bwino. Ndinali nditadzuka nako kambirimbiri. Ndinakhulupirira kuti ndine.

"Ngakhale kunja kutacha?" anatero amalume. "Tsika. Kwera kumbuyo. Ulendo wako ndi womwewu."

Ndinakhala pamwamba pa matumba. Mphepo ya ku Dedza ikapeza kabudula wonyowa imaluma mpaka m'mafupa. Sindinalire. Ndinangopanikiza miyendo.

Ku Chimbiya aNangozo anatsika ndi nkhani ija dengu lisanafike pansi. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mmodzi anandikodola.

"Bwera kuno mwanawe, utithirireko kabichi, wafota."

Ndinatsitsa matumba nkhope ili pansi. Amalume sanandiyang'ane.

Pobwerera iwo anali okha kutsogolo, ine kumbuyo. Pachitunda china galimoto inayamba kufooka. Kenaka nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti. Anaimika pambali n'kuzimitsa injini. Ndinathamangira kutsogolo, dzanja lili kale pa chivindikiro cha rediyeta. Analimenya.

"Ikatentha imalavula kumaso. Dikira."

Tinadikira. Itazizira anatsegula ndi kansalu. Munali mouma, chonsecho anali atadzazamo madzi m'mawa womwewo, ine ndikuona.

Anayamba kufufuza. Anagona pansi pa galimoto, koma dothi linali louma. Anafinya mapaipi a rediyeta limodzilimodzi, osapeza mng'alu. Anagwira kunsi kwa pampu ya madzi. Anasolola kachitsulo koyezera oilo n'kuona kuti oiloyo ndi wakuda bwinobwino, sanasakanikirane ndi madzi. Anaimirira, manja m'chiuno.

Kenaka maso awo anagwera pa galasi la kutsogolo. Linali lachita nkhungu mkati. Njira yonse ankalipukuta ndi chipewa, akuyesa kuti ndi kuzizira. Anazungulira, namasula legeni, natsegula chitseko cha mbali imene ndinakhala m'mawa uja. Madzi anayenderera n'kugwera pamsewu.

Ine ndinali kumbuyo kuyambira tisanafike ku Chimbiya.

Anaviika chala, nanunkhiza. Anasuzumira kunsi kwa dashibodi. Dontho linawagwera patsaya.

"Dzimbiri," anatero.

Mu rediyeta tinkathira madzi a kumtsinje, ndipo dzimbiri linkawasandutsa achikasu. Amalume anandiuza mwachidule kuti kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono. Madzi otentha ochokera ku injini amadutsa mmenemo, n'chifukwa chake hita imafunditsa. Kanali katawola, kakudontha.

Kukachotsa kunkafunika kumasula dashibodi yonse. Imeneyo si ntchito ya pamsewu. Anandionetsa mapaipi awiri ang'onoang'ono olowera m'khoma la kuseri kwa injini, lina lopititsa madzi ku hita, lina lobweza. Anachotsa lobwezalo. Lopititsa lija analimasula ku hita, nalipinda, kuti lilowe pa injini pamene linzake linachoka. Madzi azizungulira osafika ku hita. Dzanja lawo silinkakwana pampatapo.

"Lowetsa lako."

Ndinakankha paipilo mpaka linalowa. Chomangira chake chinali chitadyeka, ndiye anakulunga waya n'kupotokola ndi pulayala. Ndinatsikira kukhwawa ndi chigubu kukatunga madzi. Analiza injini chivindikiro chili chotsegula, tikuonjezera madzi mpaka thovu linasiya kutuluka. Anapukuta pansi paja ndi thumba. Tinayang'ana. Sipanadonthenso.

Akutseka boneti anandifunsa, "Iwe madzi aja sunawamve akudontha?"

"Ndinawamva."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimayesa ndi ine."

Kenaka anavula jekete lawo n'kundiponyera.

"Khala pampando."

Sanapepese. Sanali munthu wotero. Tinafika kumudzi opanda hita, iwo atavala malaya okha, mano akugundana. Loweruka lotsatira anaima pakhomo pathu n'kuliza huta.

Koma nkhani ija inali itapita kale. Amalume anawafotokozera aNangozo za karediyeta kaja. Iwo anaseka. "Mukumubisa mphwanuyo, tikudziwa." Ku Chimbiya ndinakhala wothirira kabichi mpaka ndinamera ndevu.

Panopa ndimakonza magalimoto ku Mayani. Munthu akabwera ndi galimoto yomwa madzi pansi pali pouma, ndimayamba kutsegula chitseko chakumanzere n'kugwira pansi. Ndimanunkhiza ndisanayankhule.

Kuseka kwa amayi aja ndinakuiwala pang'ono. Chimene chimandichititsabe manyazi n'chakuti ndinamva dontho pabondo langa, koma ndinakhulupirira pakamwa pa anthu. Mwana akazolowera kunyozedwa amavomera ngakhale mlandu umene si wake. Tsiku limenelo injini ikanapsa chifukwa cha zimenezo.

Mwana wanga wachiwiri nayenso anachedwa kusiya kukodza pogona. Mphasa yake ndinkachapa ndekha, n'kukaiyanika kuseri kwa nkhokwe.