Gitala Imene Inakalambitsa Atate Anga

Inu owerenga, ine ndinakalambitsa atate anga pamaso pa anthu, pa ukwati wa mwana wanga yemwe. Sindinawanyoze ndi pakamwa. Ndinangowagulira gitala. Ndalemba izi kuti amene akukonza zogulira kholo lake, mwana wake kapena kwaya ya kutchalitchi chinthu chimene iye mwini sachidziwa, ayambe wamva zanga.

Ndine mlimi wa matimati ku Kanakantapa. Atate anachoka ku Katete ine ndili wamng'ono, ndipo pa katundu yense amene anabwera naye, gitala yokha ndi imene inakwera basi ili pamiyendo pawo. Akhala akuimba nayo kutchalitchi ndi pamaukwati moyo wanga wonse. Zala zawo zinayamba kuuma ndi nyamakazi zaka zingapo zapitazo, koma gitala yawo yakale inkawamvera. Vuto linali posungira. Ankaipachika kudenga, pansi penipeni pa malata, poopa ana. Dzuwa la Okutobala linaiwotcha mpaka thabwa lapamwamba linang'ambika, kathabwa kogwira mawaya n'kuzuka.

Izi zinachitika kutatsala mwezi umodzi kuti mwana wanga woyamba, Tamala, akwatiwe. Tamala atabadwa, atate anamupekera nyimbo. Anakula nayo nyimboyo, ndipo anali atapangana ndi ambuya akewo kuti tsiku la ukwati adzamuimbira asanapite kwa mwamuna. Sanapemphe keke yaikulu kapena galimoto zambiri. Iye anapempha nyimbo yakeyo basi.

Tsono ine ndili ndi lamulo langa pogula zinthu: cholemera ndicho cholimba. Khasu ndimayamba ndalinyamula. Wilibala, poto, pampu yothirira, zonse ndimayesa ndi mkono. Lamulo limeneli silinandigwetsepo, ndipo anzanga akafuna kugula chitsulo amandiitana kuti ndikawasankhire. Munthu akatamandidwa pa makasu amayamba kuganiza kuti amadziwa zonse.

Nditanena kuti ndikagulitsa matimati ku Lusaka ndibwerako ndi gitala, atate anapempha kuti tipitire limodzi. Ndinakana. Ndinati msewu wathu ndi woipa, ndiponso sindingathe kuyang'anira mabokosi ndi munthu wamkulu nthawi imodzi. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kudzalowa pamudzi ndi gitala paphewa, anthu aone kuti mwana wa a Phiri amadziwa kusamala kholo.

Atate sanalimbane nane. Anatulutsa kamtengo kamodzi m'bokosi la machesi, nandipatsa.

"Uwerenge tizitsulo twa pakhosi pa gitala kufika khumi na tiwiri," anatero. "Pamenepo ulowetse kamtengo aka pansi pa waya waukulu. Kakalowa mokhudza, ni yabwino. Kakasiya malo, uileke, olo ikhale yokongola bwanji."

Ndinavomera ngati mmene timavomerera akuluakulu, n'kuponya kamtengoko m'thumba la malaya. Nditagulitsa matimati ndinadya nyama yowotcha pamsika, ndipo nyama ina inatsalira m'mano. Kamtengo ka atate kanagwira ntchito imeneyo, kenako ndinakataya.

M'sitolo munali magitala ambiri olendewera pakhoma. Wogulitsa anali bambo wa msinkhu wanga. Ananditsitsira ina ya mtundu wa thabwa wamba, yosawala kwenikweni. Nditainyamula ndinamva ngati ndanyamula dengu lopanda kanthu. Mtengo wake unali wokwera, ndipo mumtima ndinati munthu uyu waona fumbi la kunsapato kwanga, akufuna andigulitse mphepo. Ndinaloza ina yakuda, yonyezimira moti ndinkadzionera nkhope. Imeneyo inali yolemera bwino, khosi lake lonenepa, mawaya ali chilili patali ndi thabwa ngati waya woyanikapo zovala. Ndinati eya, iyi ndiye ya ntchito. Inali yotchipirapo, zimene zinandikondweretsa kwambiri.

"Ba mudala, ni imwe muliza?" anandifunsa wogulitsayo.

Ndinati ayi, ndi atate anga.

"Sembe mwabwera nabo," anatero. Ine ndinamva ngati mwano. Ndinalipira n'kutuluka, osaliza ngakhale waya umodzi.

Kunyumba ndinafika monga mmene ndinkafunira. Anthu anaiona kuyambira potsikira minibasi, ndipo pofika pakhonde la atate ndinali ndi anansi angapo kumbuyo. Atate anailandira ndi manja awiri. Anainyamula pang'ono, natsinzina diso limodzi n'kuyang'ana motsata khosi lake, ngati munthu woona ngati mzere wa m'munda wawongoka. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati ndachita bwino, Mulungu andidalitse. Kwathu mphatso ya mwana saipezera chifukwa, makamaka pamaso pa anthu, ndipo ine ndimadziwa zimenezi bwino lomwe. Tsiku limenelo ndinasankha kuiwala.

Masabata atatu otsatira atate ankakhala pansi pa mtengo wa mango masana aliwonse, kuyeserera. Nyimbo inkamveka yoduka, mawaya ena akungoti phwe. Mkazi wanga anandiuza kuti wawaona akuviika zala m'madzi ofunda a mchere, ndipo nsonga za zala zawo zang'ambika. Ndinamuyankha kuti ukalamba ulibe mankhwala.

Tsiku la ukwati, chakumasana, woyendetsa mwambo anaitana ambuya a mkwatibwi. Atate anakhala pampando pakati pa tenti. Tamala anabwera n'kugwada pafupi nawo ndi diresi lake loyera. Ndime yoyamba anaimaliza, ngakhale movutikira. Pa ndime yachiwiri, pamene pali dzina la Tamala, zala zinakana. Anayambiranso. Zinakananso. Anayesa kachitatu, kenako anaika dzanja pamawaya n'kuyang'ana pansi.

Woyendetsa mwambo anafuna kuphimba manyazi. Anati tiwaombere m'manja ambuya, mabatire atha. Anthu anaseka, osati mwankhanza, ndipo wa zokuzira mawu anaika nyimbo yovina. Tamala anakhalabe chogwada mpaka anzake anamudzutsa. Ine ndinaweramira kwa asebele anga, makolo a mkwati, n'kuwanong'oneza kuti atikhululukire, atate akalamba. Mawu amenewo ndi amene amandiwawa kwambiri mpaka lero.

Kuchokera pamenepo atate anasiya kuimba. Kutchalitchi anachoka pampando wawo wa kutsogolo n'kumakhala kumbuyo ndi madoda ena. Gitala yakuda anandibwezera kuti ndiziisunga ine, poti kwanga kulibe chiswe.

Patapita miyezi inayi kunabwera mayi wina kudzagula matimati, Ba Mutinta, mphunzitsi wa nyimbo amene anaphunzira ku koleji ya Chalimbana. Ataiona gitala pakhoma anapempha kuti aigwireko. Anaimba pang'ono n'kusiya, akukupiza dzanja.

"Iyi olo ine niliza masiku onse, siningasilize nyimbo imozi," anatero.

Anandionetsa kuti khosi lake linali lopindika ngati uta, n'chifukwa chake mawaya anali patali. Anati magitala abwino amakhala ndi chitsulo m'kati mwa khosi chowongolera, koma iyi inalibe. Anagogoda pamwamba, ndipo panamveka ngati chitseko. Anandifotokozera kuti thabwa lapamwamba ndi limene limatulutsa mawu, ndiye liyenera kukhala lopyapyala kuti lizinjenjemera. Langa linali pulaiwudi wokhuthala womatidwa penti wambiri. Kulemera kumene ndinalipirako kunali kulemera kwa penti ndi guluu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Atachoka ndinatenga bokosi la machesi. Ndinawerenga tizitsulo khumi ndi tiwiri. Pansi pa waya waukulu panalowa timitengo titatu tosanjikiza.

Ndinapita kwa atate ndi timitengo tija m'manja, n'kuwafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ninadziwa pamene ninainyamula," anatero. "Koma unabwera na mudzi wonse kumbuyo. Nikananena, manyazi akanakhala ako. Ninati niyeseko, kapena zala zizapirira."

Ndiye kuti, inu owerenga, panali manyazi amodzi oti wina awasenze, ndipo atate anawasenza okha kuti ine ndiyende mutu uli m'mwamba.

Mwezi wotsatira ndinawakweza minibasi yomwe ija ndinkati sangaipirire. Anafika bwinobwino. M'sitolo anakhala pa kampando pafupifupi maola awiri. Iliyonse ankaiyang'ana khosi, kuigogoda, kupotoza makiyi ake okungira mawaya kuti aone ngati sakuterera, kuliza waya uliwonse kuyambira kumutu mpaka kumimba, kenako kamtengo ka machesi. Anasankha yopepuka, yosawala, yofanana ndi ija ndinaikana. Wogulitsa anandikumbukira koma anandisungira ulemu.

Masiku ano atate amaimba pansi pa mango, ndipo zala zimamvera ngati kale. Koma pagulu anakaniratu. Akuti anthu anaona kale, ndipo safuna kuomberedwa m'manja mwachifundo kachiwiri. Tamala amakhala ku Kabwe. Atabwera kudzacheza, atate anamuimbira nyimbo yake yonse, ndime zonse zitatu, ife anthu anayi okha tikumvera. Tamala analira ndithu, koma ukwati subwerezedwa, ndipo mufoni za abale mudakali kanema wa nkhalamba imene inalephera kumaliza nyimbo.

Choncho ngati mukufuna kugula gitala, tengani munthu amene adzaiimbe, ngakhale msewu uipe bwanji. Musakopeke ndi kuwala kapena kulemera. Yang'anani khosi ngati lawongoka, mawaya ngati ali pafupi, ndipo muimve ikulira musanatulutse ndalama. Ndipo kholo likakulandirani mphatso ndi manja awiri n'kukhala chete, musathamangire kukondwa. Dikirani anthu apite, mufunse.

Gitala yakuda ija idakali pakhoma kwanga. Pali amene anafuna kuigula, koma ndinakana, kuopa kuti ingakakalambitsenso bambo wa wina. Timitengo titatu tija ndinatibwezera pomwepo pansi pa waya, ndipo mpaka lero sitinagwe.